Singano inali pa 6 dzuwa lisanatuluke

Lachisanu, usiku kwambiri.

Tulo sitikubwera. Mayi a kunyumba anagona kalekale, mnyamata uja akuliza mkonono kuchipinda cha alendo ngati munthu wosalakwa, ine ndili pano ndi tiyi woti wazizira kale. Phokoso la m'mawa lija silinachoke m'makutu mwanga.

Lero sanandidzutse tambala. Cha m'ma 5 koloko, kunja kuli nkhungu yoti mpanda wa aneba osauona, chisanu cha June cha kuno ku Dedza chija cholowa mpaka m'mafupa, ndinangomva galimoto yanga ikukuwa ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Vuuu! Kenako zii. Vuuu! Ndinatuluka ndi kabudula wogonera, nsapato osavala, mumtima ndikuti akuba. Ayi ndithu. Mwana wa mlongo wanga, uja anabwera Lachiwiri kuchokera ku Lilongwe, ali tayale pampando wa dalaivala, foni m'manja, akujambula singano ya injini, ija yoonetsa kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi. Ndinaiona ndi maso angawa, inali pa 6, kutanthauza ka 6,000 pa mphindi.

"Iwe! Zimitsa!"

"Mwadzuka bwanji amalume? Ndimati ndiitenthetse kaye ndisanaitsuke."

Kuitenthetsa! Zimene ndinayankhula pamenepo sindingazilembe pano, chifukwa ena mwa inu timapemphera limodzi. Iye anangoima, chidebe cha madzi chili pambali, kudikira kuti ndimalize. Nditatha mpweya ndi pamene anati, mwaulemu ndithu, manja ali kumbuyo: "Pepani amalume. Komatu galimoto iyi anaipangira kuthamanga. Mphamvu yake yonse, mahosipawa 136, imatuluka pa 6,900. Inuyo mumaiyendetsa ngati ngolo ya ng'ombe."

Ngolo ya ng'ombe. Mwana woti ndinamulipirira ndekha sukulu yoyendetsa galimoto.

Kwa amene simuidziwa, ndi Suzuki Swift Sport ya 2012, yachikasu, injini ya malita 1.6 yopanda turbo, magiya 6 osintha pamanja. Inachokera ku Japan, kutsikira pa Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Ngongole yake sindinamalize kubweza. Mayi a kunyumba ankafuna Sienta, ankati ija imanyamula anthu ndi katundu ndipo zikavuta imatha kusanduka takisi. Ine ndinakakamira iyi, zifukwa zake mpaka lero sindinawafotokozere bwinobwino. Ndiye chiigulireni singano imeneyo sinadutsepo pa 3. Ikangoyandikira ndimasintha giya msangamsanga ngati ndagwira mphika wamoto.

Kushopu sindinagwire ntchito yooneka. Munthu anafuna misomali ya mainchesi 4, ine kumuyezera ya 3. Masana ndinangomusiyira mnyamata wa pakauntala n'kupita kwa madala aja amakonza galimoto kuseri kwa msika, amene akhala akundithirira oyilo chiigulireni. Kunena zoona sindinapite kukapimitsa injini. Ndinapita kukafuna mboni.

Ndinawapeza ali pansi pa minibasi, miyendo yokha ikuoneka. Nkhani yonse ndinaifotokozera miyendoyo. Atatuluka anapukuta manja pachisanza, anailiza galimoto, anatsegula boneti, anatchera khutu kwa kanthawi, anazimitsa, anadikira pang'ono n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo.

"Ilibe kanthu, bwana. Kamodzi sikupha. Koma mwanayo walakwa, zoona."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati tsopano tamvani.

Iwo anati galimoto ikagona usiku wonse oyilo amatsikira pansi, ndipo ndi kuzizira kwa kunoku amakhala ngati uchi wa m'botolo, safika msanga kumtunda kumene kuli mavalavu. Zitsulo nazo zimakhala zisanafutukuke kufika pa muyezo wake, mapisitoni amakhala akugwedera pang'ono m'mabowo mwawo. Ndiye ukaiponda moto nthawi imeneyo, chitsulo chimadya chinzake. Sungazione lero kapena mawa, udzaziona ikadzayamba kufuka utsi wabuluu ndi kumwa oyilo. Anandiuzanso chimene sindinkadziwa: madzi a injini amatentha msanga kuposa oyilo. Chizindikiro cha kuzizira chikazima pa dashboard si ndiye kuti zonse zapsa, oyilo amatsalira m'mbuyo, amafuna mphindi 10 kapena 15 galimoto ikuyenda. Ikuyenda, anabwereza, osati itaima pakhomo ikungolira. Kuiliza, kudikira pang'ono, kunyamuka mofatsa singano isakupitirira pa 3, basi.

"Ndiye ndi zimene ndimachita ine, madala," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

"Eya. Nanga ikatentha mumatani?"

"Chimodzimodzi."

Anandiyang'ana ngati mmene sing'anga amayang'anira munthu amene wabisa matenda. Kenako anafunsa kuti ndikamachokera ku Lizulu, kumbuyo nditadzaza matumba a kachewere ndi kabichi wa mayi a kunyumba, zitunda zija ndimakwera pa giya yanji. Ndinati pa 5, nthawi zina pa 6, kupulumutsa petulo. Singano imakhala pati? Cha pa 1,500. Phazi lili pati? Pansi. Simumva ikunjenjemera, kapena kakulira ngati timiyala m'chitini? Apa sindinayankhe, chifukwa ndimakamva kaphokoso kameneko ndipo ndimangokweza wailesi.

"Kumeneko ndiye kuizunza," anatero. Anati zili ngati kukwera phiri la Dedza panjinga utaika tcheni pa giya yolemera, thumba la chimanga lili pakaliyala: mawondo ndi amene amalira. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono koma ukuikakamiza katundu wolemera, kuphulika kwa petulo kumamenya pisitoni mwamphamvu, mabeyaringi apansi amalandira nkhonya, pomwe pampu ya oyilo nayo ikuzungulira mwaulesi poti imayendera injini yomweyo. Injini ya mtundu uwu mphamvu yake yokokera imakwana bwino cha pa 4,400. Pamwamba pa apo, kuno tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imapuma movutikirapo kusiyana ndi kunyanja. Ndi chifukwa chake galimoto yomweyi ukatsika nayo ku Salima imaoneka ngati yadya bwino. Chitunda cha kuno chimafuna utsitse giya, singano ikwere pa 3 kapena pa 4, injini iimbe.

Ndinafuna kubweza nkhani kwa mnyamata uja. Ndinati koma madala, mzere wofiira uja wa kumapeto kwa manambala a singano anauikiranji ngati si woopsa? Anaseka. Anati mzerewo, umene pa galimoto yangayi umayambira cha pa 7, anaujambula ndi anthu amene anaipanga injiniyo ataiyesa mokwanira, ndipo kompyuta ya galimoto imadula mafuta ukafika kumeneko, siikulola kupitirira. Injini yotentha bwino, oyilo wabwino ali pa muyezo, kuifikitsa pa 5 kapena pa 6 podutsa lole si tchimo. Tchimo ndi kukhalitsa komweko. Anatola kamtengo n'kulemba padothi: 7,000 kugawa ndi 60. Pafupifupi ka 117 pa sekondi imodzi, pisitoni iliyonse kukwera ndi kutsika. Ndipo liwiro la injini ukaliwirikiza kawiri, mphamvu yokoka zitsulozo imawirikiza kanayi. Ndiye wokonda kumtundako aziyang'ana oyilo sabata iliyonse ndi kumusintha nthawi yake isanapitirire, chifukwa injini zambiri zimene iwo anaziona zitanoka sizinafe ndi mzere wofiira, zinafa ndi oyilo wochepa kapena wakuda ngati phula.

Panafika mayi wina ndi Vitz yotayira madzi, nkhani inaduka. Ndinakhala pa tayala lakutha kudikira, sindikudziwa kuti ndinkadikira chiyani. M'mutu munabwera malemu bambo anga ndi njinga yawo ya Humber. Ankaipukuta Loweruka lililonse, pachitunda ankatsika n'kumaikankha kuti tcheni chisavutike, ndipo ife ana kuikhudza kokha belu inali milandu. Ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chako ukachikonda umachigwira ngati dzira. Lero munthu wa zaka 47 ndikuuzidwa kuti dzira langalo ndakhala ndikulifinya. Ndipo chimene chikundiwawa si injini ayi. Ndi choti kamnyamata kaja kanali ndi theka la chilungamo, n'kukanena pamaso pa mkazi wanga amene anali pazenera.

Atamaliza ndi Vitz ija anabwerera okha ku nkhani, ngati anaiwala chinthu chofunika. Anati pali njira imodzi yophera injini pa sekondi imodzi, ndipo kompyuta singakupulumutse. Uli pa liwiro pa giya 5, ukufuna kutsitsira pa 4, dzanja laphonya walowetsa 2, n'kusiya kilachi. Pamenepo si petulo amene akuzunguza injini, ndi matayala. Kudula mafuta kulibe ntchito. Singano imalumpha mzere wofiira, masipuling'i a mavalavu amalephera kutseka msanga, pisitoni imakumana ndi valavu, zatha. Anati zimachitikira kwambiri anyamata a manja othamanga, makamaka pamtsetse ngati wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, pamene munthu akufuna injini imuthandize mabuleki. Kutsika pa giya yotsika n'koyenera kumene, mabuleki angapse, koma giyayo uilowetse liwiro litachepa kale, imodziimodzi, ndipo ukamva injini yakuwa modabwitsa ponda kilachi nthawi yomweyo usanaisiyiretu.

Khwekhwerere. Mawa lino, kapena ndinene lero poti 12 yadutsa, tili ndi chinkhoswe cha mwana wa msuweni wanga ku Golomoti, ndipo mnyamata uja anapempha kale Lachitatu kuti adzayendetse ndi iye. Ndinavomera pamaso pa anthu.

Ndalama madala aja anakana. Anangoti ndidzabwere makilomita 5,000 akakwana, ndisadzachedwe ngati ulendo watha.

Chimene sindinauze aliyense ndi ichi. Pochoka kumeneko sindinalunjike kunyumba. Ndinalowa mu M1 kulowera ku Bembeke, ndinayenda mofatsa mphindi 20 zathunthu ndikuyang'ana wotchi ngati ndikuphika dzira. Pamalo pena poongoka, popanda njinga, popanda mbuzi, popanda ana a sukulu, ndinatsitsa liwiro, ndinaika giya 2 n'kuponda. Pa 3 dzanja linapita lokha pa giya, ndinalibweza. Pa 4 mawu a injini anasintha, anasiya kudandaula kuja ndinakuzolowera. Pa 5 msana unakanirira kumpando. Pa 5,500 mantha anandigwira, ndinasintha. Ndinapezeka ndikuseka ndekha m'galimoto ngati wamisala, kenako manyazi, kenako ndinaima pambali n'kutsegula boneti kuona ngati china chatayika. Panalibe. Mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati yawonongeka.

Zaka ziwiri ndi theka ndikulipira ngongole ya galimoto imene ndinali ndisanaimvepo mawu ake.

Pa chakudya chamadzulo mnyamata uja anali chete, anadya nsima mbamu imodzi yokha, iye amene amadya zitatu. Galimoto anaitsukabe m'mawa muja, mpaka matayala anawapaka polishi. Ndinafuna kumuuza za oyilo wozizira, kuti adziwe pamene analakwa. Koma ndikanayamba zimenezo ndikanayeneranso kunena za zitunda za ku Lizulu, ndiye ndinangomupempha mchere. Mayi a kunyumba anatiyang'ana tonse awiri n'kunena kuti ndiwo zili ndi mchere kale.

Mlongo wanga waimba kawiri, sindinayankhe. Ndiye kuti nkhani yafika kale ku Lilongwe. Adzati ndine mwinimbumba, ndiyenera kulangiza osati kukalipa, ndipo adzakumbutsa za njinga ya bambo ija, kuti amene anaithyola foloko pa mtsetse wa kudambo ndinali ine.

Makiyi ndawachotsa pa msomali paja, ali m'thumba la jekete. Tinyamuka 7 koloko. Mwina ndiyendetsa ine mpaka pa Masasa kuti itenthe, iye n'kulandira potsika. Ayi, potsika ndi pomwe pali nkhani. Mwina iye ayambe, ine ndilandire pa mphambano. Koma ndiye kuti ayamba nayo ili yozizira, ndipo ndiyenera kukhala pambali pake n'kumamuwerengera singano ngati mwana, atanyamula azakhali ake kumbuyo. Kapena ndingonena kuti mutu ukundipweteka tikwere minibasi tonse.

Nkhungu yayambanso kunjaku, galasi la galimoto lachita kale mame. Ndikaone kaye ngati ndinakhoma geti.