Tchalitchi tatsegulira, zikomo nonse, makamaka Agogo

Abale ndi alongo, mawu andisasa ndi kuimba kwa dzulo, msana ukuwawa, koma sindigona ndisanathokoze. Nyumba ya Mulungu ija mphepo inasasula denga n'kugwetsa chipupa cha kumadzulo, dzulo abusa aitsegulira ndi pemphero. Ambuye alemekezeke.

Nkhaniyi mukuidziwa, sindichita kuibwereza yonse. Mukudziwa m'mene mvula inkatikwapulira pansi pa mkuyu, ana a Sande Sukulu n'kumathawira m'makhonde mwa eni. Mukudziwa kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinapita kusitolo ndi ndalama ya denga lonse n'kubwerako ndi malata osakwana. Mukudziwanso zomwe zinayamba kumveka za ine, msungichuma wa komiti ya zomangamanga. Ati malata enawo ndinabisa kuti ndifolerere nyumba yanga. Nyumba yanga yomwe mpaka lero ndi yaudzu! Mkazi wanga anasiya kupita kuchigayo masana chifukwa cha manong'onong'o.

Apa ndi pamene Agogo analowererapo. Dzina anandiletsa kutchula, ati ndikawalemba pafoni adzandidzudzula pamaso pa mlaga wonse, koma inu a kwathu mukuwadziwa: mlangizi wathu wa Chigwirizano cha Amayi, wa tsidya la dambo uja. Nthawi imeneyo n'kuti nditalemba kale kalata yotula pansi udindo, maganizo ali oti ndikalowe mpingo wina kutali ndi maso a anthu. Anabwera kwathu ndi ndodo yawo, anakana mpando, anakhala pamphasa. "Mwana wanga, ukathawa ndiye kuti wavomera. Mpingo uno suweruzidwa kuchigayo. Tola mabuku ako ndi malisiti onse upite nawo kwa akulu a mpingo."

Ndinapita. Ndipo lero ndikunena poyera kuti ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha dongosolo la mpingo wathu, lomwe achinyamata timakonda kulinena kuti ndi lochedwetsa zinthu. Ife a CCAP tilibe bishopu, tilibe munthu mmodzi woti akalankhula basi nkhani yatha. Akulu osankhidwa ndi Akhristu amakhala pamodzi ndi abusa, nkhani ikawakanika imapita ku Presbiteri, ikakanikanso imakafika ku Sinodi. Akuluwo anawerenga lisiti lililonse, anaitanitsa mmisiri, anakawerenga malata omwe anali m'nyumba yosungiramo katundu. Panalibe chosowa. Abusa analengeza Lamulungu pamaso pa mpingo wonse. Ndikanakhala mu mpingo wa munthu mmodzi, dzina langa likanadalira kuti munthuyo wadzuka bwanji tsiku limenelo. A bwalo la akulu, zikomo. Munandifunsa mafunso owawa, koma munandifunsa ndili pomwepo.

Agogo sanalekere pamenepo. Tikuumba njerwa, iwo ndi msinkhu wawowo ankafika ndi kachidebe ka madzi pamutu atsikana asanadzuke. Tikawaletsa ankati bambo awo anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi nthawi ya Adatchi, amishoni omwe anayambitsa mpingo wathu, ndipo tchalitchi choyamba cha m'dera lino anachimata ndi manja amayi awo, ndiye iwo angakhale pansi bwanji. Mbiri ya mpingowu ine ndinaiphunzira pa uvuni wa njerwa usiku, tikusonkhezera moto, Agogo ali pambali atafunda chitenje. Ankati azungu aja anabwera ochepa, koma Uthenga unafika m'midzi ndi miyendo ya aphunzitsi akuda, omwe m'mawa ankaphunzitsa ana kuwerenga, madzulo n'kuphunzitsa kalasi ya ofuna kubatizidwa.

Dzulo abusa polalikira anaikapo zaka zake, ndipo ndinaona Agogo akugwedeza mutu ngati akuchonga mayeso. Pa 28 Novembala 1889, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, otumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, anakhazikitsa mishoni ku Mvera m'dziko la mfumu Chiwere. Ku Nkhoma, kwa Mazengera, anafikako mu 1896, ndipo pambuyo pake likulu linasamukira kumeneko. A mishoni za Livingstonia ndi Blantyre atagwirizana kupanga CCAP mu 1924, ife a Nkhoma tinalowa mu 1926. Mu 1962 amishoni anapereka ntchito yonse m'manja mwa Sinodi. Abusa anati kuchokera pamenepo denga likasasuka palibe woti n'kumulembera kalata ku Cape, eni ake ndife. Anthu anaseka, koma ine misozi inalengeza, chifukwa ndi zomwe Agogo ankatiuza tikafooka.

Tinafookadi. Panali nthawi ina anyamata ena ananena kuti tifulule mowa kuti anthu abwere ambiri kudzaponda dothi, monga timachitira pa dima. Agogo anangofunsa kuti kodi Zolamulira, malamulo a Sinodi yathu, zasintha liti iwo osamva. Mawa lake amayi a Chigwirizano anabwera ndi migolo ya thobwa, ndipo anthu anabwerabe. Mmisiri atafuna kukhoma malata Lamulungu kuti athamangire ntchito ina, akulu anakana, ngakhale mitambo inali itada. Wina anabweretsa nzeru yoti tiitane mneneri wa m'tauni adzagulitse madzi odalitsa, ndalamazo tigawane. Abusa anayankha mofatsa kuti zomwe tinaphunzira m'kalasi ndi zomwezo: munthu amapulumuka mwa chisomo, mwa chikhulupiriro mwa Khristu yekha, ndipo chisomo sichigulitsidwa m'botolo. Ena amati mpingo wathu ndi wouma, wa malamulo, wa nyimbo zokoka. Mwina. Koma ine ndaona kuti kuuma komweko ndi kumene kwachititsa kuti pa khoma lililonse la tchalitchichi pasakhale ndalama yochititsa manyazi.

Amayi a Chigwirizano, ndiyambire pati? Bungwe lanu linayamba mu 1940, ndipo dzulo mutalowa pamzere ndi mabulauzi oyera ndi maduku anu, ndinakumbukira kuti ndinu omwe munagulitsa mtedza ndi soya wa m'munda wa mpingo kuti tigule misomali ndi mitengo ya denga. Abambo omwe munagona pa uvuni, zikomo. Achinyamata omwe munatuta mchenga kumtsinje, a m'kalasi omwe simunabatizidwe n'komwe koma munagwira ngati eni, zikomo. A nyakwawa, zikomo chifukwa cha malo okumbapo dothi. Bambo wa ngolo, inu ndinu a Katolika, koma ng'ombe zanu zatutira njerwa mpingo wa eni osalipiritsa, Mulungu akuonjezereni. Ana athu a ku Johannesburg ndi Cape Town, ndalama yanu ndi imene inatseka mpata wa malata aja, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko simukutola pansi.

Kwa ena aja omwe munalonjeza matumba a simenti pa WhatsApp, ndi zithunzi za manja opemphera pamwamba, kenaka foni zanu zinasiya kulowa: tinakuonani dzulo, masuti anakukhalani bwino, ndipo mipando ya kutsogolo inakukwanirani. Mwalandiridwa. Chitseko ndi cha aliyense. Omwe munayambitsa nkhani ya malata, sindikusungirani kanthu, poti pa Mgonero tidzadya mkate umodzi. Kungoti mkazi wanga simunamupepesebe.

Ndibwererenso kwa Agogo, mundikhululukire. Ambiri simudziwa kuti zaka zapitazo iwo anali atasiyiratu kuona chifukwa cha ng'ala. Mpingo unasonkha ya basi, anapita ku chipatala cha maso ku Nkhoma, chipatala cha Sinodi yathu chomwe chinayamba mu 1915, ndipo anabwerako akuwerenganso okha Buku Lopatulika lawo lakale lija, lomasulira la William Murray ndi anzake, lomwe chikuto chake anachisoka ndi nsalu. Mdzukulu wawo anaphunzira ku Robert Blake ku Kongwe, mwana wa mchemwali wawo ku Mlanda. Ndiye ndikawauza kuti Agogo mwagwira kokwanira, pumulani, amati iwo akubweza ngongole, maso awa anawalandira ku mpingo. Nthawi imene ine sindinkatha ngakhale kupemphera, iwo ankabwera madzulo, kutsegula Mlozo, kabuku ka mapemphero a tsiku ndi tsiku, kuwerenga ndime ya tsikulo, kupemphera, n'kunyamuka osanenanso zambiri. Atate wakumwamba, asungeni mayi ameneyu, muwapatse mphamvu m'mawondo mwawo, aone ana a ana awo akubatizidwa m'nyumba imene anatungira madzi.

Ntchito sinathe. Mawindo a kumpoto alibe magalasi, mabenchi ndi ochepa, ndipo zimbudzi tikugwiritsabe zakale. Mabuku a ndalama ali kwa mlembi wa mpingo, aliyense wofuna kuona apite akaone, asachite kumva kuchigayo. Komiti ikumana Loweruka likudzali tikatha kusesa.

Agogo, ndikudziwa mdzukulu wanu akuwerengerani izi. Dzina sindinatchule, ndiye musandidzudzule. Tambala uja munandibwezera ulendo watha ndikubweretsanso, ndipo ulendo uno ndikamusiya m'khola mwanu ndekha.