Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: masamu a pa geti ku Rosettenville

Gawo lathali ndinalekeza pomwe mayi a kunyumba ndi ana anatsika basi pa Park Station atadutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Lero ndikambe za mwana wanga wachisamba, mtsikana, amene analowa Grade 9 kuno ku Joni pomwe ine ndinali nditayamba kudziimira pa ntchito yowotcherera mageti ndi mabagala.

Sukulu ine ndinalekezera Folomu 2 chifukwa cha fizi, koma masamu ndinkawakonda zedi. Kuno anandithandiza koyamba pa ndalama. Ukamagula zitsulo ena amakuuza mtengo wopanda msonkho wa VAT, ndipo VAT yo inakwera kuchoka pa 14 kufika pa 15 peresenti mu 2018, ndiye kasitomala ali pompo akudikira mtengo sungayambe kusakasaka kalikuleta manja ali bii ndi girisi. Zitsulo za R387 ine ndimangoti 400, 10 peresenti yake ndi 40, theka la 40 ndi 20, kuphatikiza 60 basi. Yeniyeni ndi R58.05, ndiye ndaphonya ndi ndalama yosakwana R2, komanso ndaphonyera m'mwamba komwe sikungandiluzitse.

Mwanayu atabwera ndi funso loti 48 mwa 197 ndi maperesenti angati anayamba kugawa mzere wautali mpaka kutuluka thukuta. Ndinamuuza kuti iwe, 48 wayandikira 50, 197 wayandikira 200, 50 mwa 200 si kota? 25 peresenti. Atamaliza kugawa kwake anapeza 24.4, anandiyang'ana nkuti adadi mwadziwa bwanji. Mtima wanga unakoma tsiku limenelo, sindinama.

Koma pa ma triangle ndi pomwe tinakhalitsa. Ankabwera okwiya kuti ticha wamuchotsera mamalikisi chonsecho zithunzi za ma triangle awiri a m'funsolo zikuchita kuonekeratu kuti nzofanana. Apa ine ndinali mbali ya tichayo. Pa peresenti kuyerekeza nkololedwa, pa congruence, kutanthauza kutsimikizira kuti ma triangle awiri ngofanana ndendende maonekedwe ndi kukula komwe, ayi, diso silikwana, pamafunika zifukwa zitatu zolembedwa chilichonse pamzere wake. Njira zake amaphunzira zinayi: SSS mbali zonse zitatu zikafanana, SAS mbali ziwiri ndi ngodya yapakati pa mbalizo, AAS ngodya ziwiri ndi mbali imodzi yogwirizana, ndi RHS ya ma triangle okhala ndi ngodya ya madigiri 90, mbali yaitali kwambiri ndi mbali ina imodzi zikafanana. Chimamusokoneza ndi choti ngodya zitatu zokha sizikwana, poti triangle ina itha kukhala yaikulu ina yaing'ono ngodya zili chimodzimodzi. Komanso pa SAS ngodya ija ikakhala kunja kwa mbali ziwirizo umboni wagwa.

Loweruka lina ndinamutenga kuntchito. Ndinayala felemu ya geti pansi ndisanawotcherere, ndinamupatsa tepi ndi choko tinalemba A, B, C, D m'makona. Ndinati yeza mopingasa kuchoka A kufika C, kenako B kufika D. Zinasiyana pang'ono, ndinagogoda ndi hamala mpaka zinafanana ndendende, mmene timachitira tonse owotcherera kuti geti lisapendame. Ndiye ndinamufunsa chifukwa chiyani zikafanana geti limakhala sikweya? Anakhala chete nthawi yaitali ndithu, ine ndikumangirira zitsulo, kenako anayamba yekha kulemba pa simenti: AD ndi BC nzofanana poti tinadulira limodzi, AC ndi BD tangoyeza kumene, AB ili mu ma triangle onse awiri, ABD ndi ABC. SSS adadi! Ndiye kuti ngodya ya pa A ndi ya pa B nzofanana, ndipo poti mbali zoyang'anana nzofanana ngodya ziwirizo pamodzi zimapanga 180, iliyonse ndi 90.

Ine zaka zonsezi ndimayeza chonchi chifukwa bwana amene anandiphunzitsa ntchito ankatero, chifukwa chake chenicheni ndinachimva tsiku limenelo kwa mwana wanga yemwe. Anzanga achimalawi awiri omwe ndimagwira nawo anasiya girenda nkubwera kudzaona zolembazo, mmodzi mpaka anajambula pafoni kuti atumizire mwana wake ku Mangochi amene amakonzekera JCE.

Gawo lotsatira ndidzakamba za mmene tinasamukira ku Turffontein komanso vuto la mapepala a sukulu a mng'ono wake.