Sabata ya Iran, NATO ndi Congo pa Desiki ya Nkhani Zakunja

Ntchito yanga pa wailesi yathu ndi kusankha ndi kukonza nkhani zakunja, zimene masiku ambiri zimangopatsidwa mphindi zochepa kumapeto, anthu atamva kale za ndale ndi mitengo ya chimanga. Sabata yoyambira Lamulungu pa 22 June 2025 sinayende chomwecho. Tsikulo ndege za America za mtundu wa B-2 zinaponya mabomba oboola pansi pa malo a nyukiliya a Iran ku Fordow ndi ku Natanz, pamene ku Isfahan kunagwa mizinga yochokera m'sitima yapansi pa madzi, ndipo mkonzi wamkulu analamula kuti nkhaniyi itsogole.

Lolemba omvera ambiri amene anatiimbira sankafunsa za nyukiliya ayi. Ankafuna kudziwa ngati Iran itseke njira ya panyanja ya Hormuz, kumene kumadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta ogwiritsidwa ntchito padziko lonse, ndipo sindinawadabwe, pakuti ena ankaimba ali pamzere wa petulo. Madzulo ake Iran inaponya mizinga pa bwalo la asilikali a America la Al Udeid ku Qatar, itachenjezeratu, ndipo pofika Lachiwiri nkhondo ya Israel ndi Iran inali itaimitsidwa.

Nkhani imene inanditengera nthawi yaitali inali ya Lachitatu, pamene atsogoleri a mayiko 32 a NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, anagwirizana ku The Hague, ku Netherlands, kuti pofika 2035 dziko lililonse lizigwiritsa ntchito 5 peresenti ya chuma chimene limapanga pachaka pa chitetezo: 3.5 peresenti pa asilikali ndi zida, ndipo 1.5 peresenti pa zinthu monga misewu, madoko ndi chitetezo cha makompyuta. Donald Trump anakondwa, pamene nduna yaikulu ya Spain, Pedro Sánchez, ananenetsa kuti dziko lake silifika pamenepo. Mtolankhani wachinyamata amene ndimagwira naye ntchito analemba kuti mayiko a azungu tsopano akonzekera nkhondo, koma chiganizocho ndinachichotsa, ndipo tinakambirana kwanthawi ndithu, tiyi akuzizira pambali pa kompyuta. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ndalama zolonjezedwa pamsonkhano sizinaphulikepo kunkhondo." Ndinamukumbutsa kuti mu March 2023 mayiko a European Union analonjeza Ukraine zipolopolo za mizinga 1 miliyoni m'chaka chimodzi, koma chakacho chitatha anali atapereka pafupifupi theka lokha, chifukwa mafakitale ambiri anachepetsedwa Soviet Union itagwa, ndipo onga, zitsulo ndi amisiri sizipezeka tsiku limodzi. Mark Rutte yemwe, mlembi wamkulu wa NATO, anali atanena ku London kumayambiriro kwa June 2025 kuti zipolopolo zimene Russia imapanga m'miyezi itatu, NATO yonse imazipanga m'chaka chathunthu.

Lachinayi tinaitana msilikali wina wopuma, wa udindo waukulu, kudzacheza nafe pa pulogalamu ya madzulo. Iye anabwera ndi kapepala kopindapinda komwe sanakatsegule n'komwe, ndipo anakhazikika pa nkhani ya madroni. Anakumbutsa omvera za pa 1 June, pamene Ukraine inabisa timadroni totchipa m'madenga a timanyumba tamatabwa tonyamulidwa pa mathiraki, n'kukaononga ndege zikuluzikulu zoponya mabomba za Russia mpaka ku Belaya, m'chigawo cha Irkutsk ku Siberia. Mfundo yake inali yakuti ankhondo amene anazolowera kugula zida zochepa koma zodula, ndiponso kumenyana ndi magulu opanda ndege monga ku Afghanistan, akuyenera kuphunzira kumenya nkhondo yaitali imene imatha zida ndi anthu tsiku ndi tsiku. Ndinagwirizana naye, ngakhale ndikuona kuti vuto la anthu ndilo lalikulu kuposa la zida, pakuti gulu lankhondo la pamtunda la Britain latsala ndi asilikali okhazikika osafika 75,000, ndipo pakati pawo pali a m'mayiko a Commonwealth, kuphatikizapo anyamata athu a kuno. Mayi wina ataimba n'kufunsa kuti zonsezi zikutikhudza bwanji, ndinamuyankha kuti mu February nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, Keir Starmer, analengeza kuti thandizo la Britain ku mayiko osauka litsika kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dzikolo pofika 2027, kuti ndalamazo zipite ku chitetezo.

Lachisanu, pa 27 June, nduna zoona za ubale wa mayiko za Rwanda ndi Democratic Republic of Congo zinasainirana pangano la mtendere ku Washington, America ili ndi diso pa miyala ya mtengo wapatali ya ku Congo, imene migodi yake yambiri ili m'manja mwa makampani a ku China. Nkhaniyi ndinaiika patsogolo pa zonse chifukwa mu January asilikali athu anafera m'nkhondo ya pafupi ndi mzinda wa Goma, kum'mawa kwa Congo, ali pansi pa gulu la SADC. Ndinaonetsetsa kuti wowerenga nkhani anene momveka bwino kuti zigawenga za M23, zimene zinalanda Goma ndi Bukavu, sizinasaine nawo panganolo.