Red Dead Redemption 2 yandikumbutsa za Nsingo

Anyamata ambiri kuno ku Chipata akangomva Rockstar amaganiza GTA basi, kuba motoka nkumathamangitsana ndi apolisi. Red Dead Redemption 2 ndi ya kampani yomweyo, inatuluka mu 2018, koma ukailowa ndi mtima wa GTA utopa nayo tsiku lomwelo chifukwa gemu iyi siifuna munthu wopupuluma. Imayambira mu chipale chofewa kumapiri, gulu la Dutch van der Linde likuthawa ku Blackwater komwe umbava wawo unalakwika, iwe ndiwe Arthur Morgan, chaka ndi 1899. Hatchi uyipese, uyidyetse, mfuti uyipukute ndi mafuta apo ayi siiombanso bwino, olo ndevu zimakula mpaka ukamete. Ndipo ndi yaikulu, pafupifupi 100GB, ofuna kudawunilodi ndi bandulo ya pafoni iwalani, pezani disiki.

Amene simunaimalize lekezani pano, ndiulula zinthu.

Dutch ndi munthu wa pakamwa pokoma, nthawi zonse ati ntchito imodzi chabe yomaliza tikapeze ndalama tipite ku Tahiti tikalime mango, ine kuseka, mango ife timangoponda pansi mu Disembala. Arthur amatumidwanso kukatolera kaloba ya Strauss, mnzawo wa mgululo, kwa anthu osauka, ndipo TB imene imadzamumaliza anaitenga kwa mlimi wodwala amene anamumenya chifukwa cha ngongole. Apo pokha gemu inandigwira kale.

Koma pamene ndinaika kontrola pansi ndi pa nkhani ya a Wapiti, mtundu wa eni nthaka a ku America. Mtundu umenewu ndi wopeka, koma zimene zikuwachitikira si zopeka ai. Asilikali akufuna kuwachotsa pamalo pawo chifukwa akuti pansi pake pali mafuta, ndipo kumbuyo kuli mpondamatiki Leviticus Cornwall. Mfumu yawo Rains Fall ndi nkhalamba yotopa ndi nkhondo, ingofuna kukambirana, mwana wake Eagle Flies magazi ndi otentha ati timenyane basi, Dutch nkumamusonkhezera kuti asilikali atanganidwe ndi a Wapiti iye apeze pothawira. Mnyamatayo amafa.

Manje ganizani, 1898, chaka chimodzi chabe kumbuyo kwake, kuno kwathu azungu anali kukhulupirira kuti mdziko la Mpezeni muli golide. Anabwera ndi mfuti za Maxim, Angoni ali ndi mikondo ndi zishango, amene anatsogolera nkhondo ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anamugwira nkumuombera, ng'ombe zambirimbiri zinalandidwa, golide wake uja osaoneka. Nc'wala inazima mpaka 1980, ndipo tauni yathu ino inakhala ndi dzina la Fort Jameson mpaka titalandira ufulu. Ndiye ukamayendetsa hatchi pambali pa Rains Fall akulankhula pang'onopang'ono za mwana wake, kwa munthu wa kuno siikhalanso nkhani ya ku America yokha.

Chodandaula changa nchakuti nkhani ya a Wapiti imakula mochedwa, ku chaputala 6, ndipo timawaona ndi maso a Arthur basi, iwo eni mpata wawo ndi wochepa. Komanso mamishoni ake ngouma, ukangopatuka pang'ono panjira imene akufuna akuti walephera, yambiranso, pamene kunja kwa mishoni ungathe tsiku lonse ukuwedza nsomba popanda okufunsa.

Amene muli ndi PS4 ndipo mumangomenya mpira, iyeseni, koma muipatse masabata, malaiti akalola.