Sabata ya NGC 5813

Lolemba lonse linathera pa kudawuniloda deta ya Chandra, telesikopu ya NASA yoona ma X-ray ija inapita kumwamba mu 1999. Ubwino wake deta yakale ili poyera, aliyense atha kutenga, bola intaneti ndi magetsi, zomwe kuno ku Harare sizimabwera limodzi nthawi zonse, ndiye mafayilo akuluakulu ndimawasiya usiku.

Gulu la milalang'amba lomwe ndikulimbana nalo ndi NGC 5813, lili patali moti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 105 miliyoni kuti kutipeze. Anthu amaganiza kuti pakati pa milalang'amba palibe kanthu koma ayi ndithu, pali gasi wotentha madigiri mamiliyoni, m'magulu ambiri amafika cha m'ma 10 miliyoni, ndipo akatentha choncho maso samuona, amangotulutsa ma X-ray. Mpweya wa dziko lathu umameza ma X-ray onsewo, nchifukwa chake telesikopu iyenera kukhala kunja.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunali kutsuka deta basi. Makinawa amawerenga kuwala kamodzikamodzi, ndipo pena tizinthu tochokera ku dzuwa timamenya kamera nkusokoneza zonse, nthawi imeneyo umaidula nkutaya, zimawawa koma nanga nkutani. Kenako kuchotsa timadontho ta zinthu zina zakutali zomwe zangolowerera. Ntchito yake ili ngati kusankha nyemba pa lichero.

Koma chithunzi chitayera, eee! M'gasi muja mumaoneka mabowo awiriawiri, mapeyala atatu, ondondozana kuchokera pakati. Ndi black hole (chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) ya pakati pa mlalang'amba waukulu wa gululi, imati ikadya gasi imalavula mphamvu mbali ziwiri nkukankha gasi wotenthayo, ndiye peyala iliyonse ndi nthawi ina yomwe inalusa. Zimenezi ndi zomwe zimaletsa gasi wapakati kuzizira nkupanga nyenyezi zambirimbiri. Ine apa ndi pomwe ndimati magulu ang'onoang'ono amaposa zimphona, magulu akuluakulu a milalang'amba ngati Perseus, zomwe aliyense amathamangira. Chimphona chimakoka mwamphamvu, black hole ingaluse bwanji gasi amakhalabe momwemo, pomwe kagulu kukoka kwake nkochepa, gasi wina amathawiratu, mwakuti ukayeza umapeza kuti ndi wochepa poyerekeza ndi kulemera kwa gulu lonse.

Lachinayi tinakangana pang'ono ndi mnzanga wa muofesi pa za XRISM, telesikopu ya ma X-ray ya ku Japan ya mu 2023. Iye akuti tilembe pempho la nthawi yoigwiritsa ntchito, ine ndikuti achimwene dikirani, chitseko cha kachipangizo kake ka Resolve chinakana kutseguka, ndiye ma X-ray ofooka sakudutsa, pomwe gasi wa magulu athuwa amawala kwambiri m'ma X-ray ofookawo, cha pa 1 keV (keV ndi muyeso wa mphamvu ya ma X-ray), pomwe pali mizere ya kuwala kochokera ku ayironi. Anthu a zimphona akusangalala nayo, ife ayi. Sitinagwirizane, tinangopita kukadya sadza, ineyo mpaka pano ndimati nsima.

Lachisanu ndinayamba kuyeza kutentha mozungulira mabowo aja ndi pulogalamu ya pakompyuta ya XSPEC, chigawo ndi chigawo, ndipo kompyuta ikadali pa ntchito yomweyo mpaka pano. Sabata ya mawa ndikufuna kuika zithunzi za GMRT, telesikopu ya ku India yoona mafunde a wailesi, pamwamba pa za Chandra, ndione mabowo ati omwe akadali odzaza ndi tizinthu totulutsa mafundewo.