Mfuti ya njati inagwetsa mkamwini

Pamwamba pa diso langa lakumanja pali chipsera chopindika ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo anthu akandifunsa za icho ndimayankha mwachidule kuti ndinachitenga kosaka nyama, chifukwa yankho limeneli ndi loona komanso limandisiyira ulemu. Vuto n'lakuti mkazi wanga akakhala pafupi salola kuti nkhani ithere pomwepo, choncho ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha asanaiwonjezere mchere wina.

Ndinakulira ku Ntcheu, ndipo ulenje wanga wonse unali wa legeni ndi khasu lokumbira mbewa m'chilimwe. Agogo anga aamuna anali ndi mfuti ya gogodela yomwe inkakhala kuseri kwa chitseko, koma ine sindinaimvepo ikulira ngakhale tsiku limodzi. Nditapita ku Scotland kukagwira ntchito ya unamwino ndinakwatira mwana wa mlenje wa kufupi ndi Inverness, ndipo tsiku loyamba kuonana ndi apongozi anga aamuna, iwo atandifunsa ngati ndinasakapo nyama, pakamwa panga panayankha mutu usanalole kuti kwathu mwamuna aliyense ndi mlenje. Bodza limakula msanga kuposa mwana. Chaka chisanathe mbewa zanga zija zinali zitasanduka agwape, agwapewo anasanduka nguluwe, ndipo pofika pa phwando la ukwati achibale a mkazi wanga ankandiloza kuti ndine munthu amene anayang'anizanapo ndi njati.

Ndiye mwezi wina wa Okutobala apongozi anandiitana kuti tikasake nswala zofiirira za kumapiri a Highlands, zimene eni dziko amazitcha red deer. Yamphongo imakhala ndi nyanga za mphandamphanda ngati nthambi za mtengo, zomwe zimagwa ndi kumeranso chaka chilichonse, ndipo nyengo imeneyi imabangula m'zigwa ngati ng'ombe yamphongo poitanira zazikazi. Mimbulu imene inkazidya inatha kalekale m'dzikomo, motero nswalazi zimachuluka n'kumadya timitengo tongomera kumene, ndipo kuzichepetsa ndi ntchito yololedwa. Nthawi imeneyo zamphongo zinkasakidwa kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 20 Okutobala, lamulo lisanasinthe m'chaka cha 2023. Ine ndinalibe chiphaso cha mfuti, chomwe apolisi amapereka pokhapokha utasonyeza chifukwa chomveka, anthu awiri okuikira umboni ndiponso kabati yachitsulo yosungiramo mfutiyo, koma lamulo limalola kubwereka mfuti pa malo a eni ake bola mwini mfutiyo ali nawe pomwepo.

Usiku woti mawa tinyamuka, apongozi anatsegula kabati yawo n'kuyala mfuti zitatu patebulo la kukhitchini. Yoyamba inali Tikka ya ku Finland yoombera zipolopolo za .243 Winchester, yopepuka, yokhala ndi chitsulo chochepetsa phokoso kukamwa kwake. Anandifotokozera kuti nambalayo imanena kunenepa kwa chipolopolo m'mainchesi, ndiye .243 ndi mamilimita 6 ndi pang'ono, ndipo chipolopolo chake cha magalamu 6.5 chinkakwana ndendende pa muyezo wotsikitsitsa umene lamulo la Scotland linkalola panthawiyo pa nswala zazikulu. Yachiwiri inali .308 Winchester, imene iwo ankaitama kuti ndi ya pakatikati, yosalemera kunyamula phiri lonse koma yokwanira nswala iliyonse ya pachilumbacho. Yachitatu anaitulutsa pongofuna kundionetsa, popeza anapita nayo ku Tanzania ali mnyamata: .375 H&H Magnum, mtundu umene kampani ya Holland & Holland ya ku London inayamba kupanga m'chaka cha 1912, woponya chipolopolo cha magalamu oposa 19, chimene anthu amaphera njati ndi njovu.

"Akamwini, inu mutenge yaing'onoyi," anatero apongozi modekha. "Nswala imagwa chifukwa cha pamene mwailasa, kuseri kwa phewa pamene pali mtima ndi mapapo, ndipo mfuti yabwino ndi imene mungaombere molunjika popanda kuiopa."

Mawuwo anali anzeru, koma analowera khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa maso anga anali atakakamira pa mfuti yachitatu ija, ya thabwa lakuda lonyezimira, ndi zipolopolo zake zonenepa ngati chala changa. Ndinaganiza kuti munthu amene mbiri yake ndi ya njati sangakwere phiri atanyamula kamfuti kamene, monga iwo eni ananenera, ndi kamene anaphunzitsira mwana wawo wamkazi ali mtsikana. Ndinayankha kuti, "Bambo, zikomo kwambiri, koma dzanja langa linazolowera zolemera." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana mwana wawo, yemwe mwadzidzidzi anatanganidwa ndi kutsuka kapu yoyera kale. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuuzidwa osafunsa n'komwe, phulalo n'kulidyabe.

M'mawa tinakumana ndi mkulu wina woyang'anira nyama pamalopo, wa ndevu zotuwa ndi mawu ochepa, amene ntchito yake ndi kulondolera alendo ndi kusankha nswala yoyenera kuphedwa. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti mlendo sakwera phiri asanaombere chandamale pa mtunda wa mayadi 100, kuti aone ngati angathe kuika zipolopolo zitatu pamalo osaposa kambale ka kapu ya tiyi. Mkuluyo ataona mfuti imene ndinanyamula anafunsa apongozi ngati kuphiriko kwabwera njovu iye osadziwa, koma palibe anaseka kupatula galu, amene anayasamula.

Ndinagona chafufumimba pa udzu wonyowa monga anandiuzira. Pali zinthu zitatu zimene ndikuzidziwa lero zomwe tsikulo sindinkazidziwa. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo, ndipo ya .375 imakankha kuposa katatu mmene imachitira ya .243. Munthu akagona pansi thupi lake silingathe kutsata kukankhako monga limachitira ataimirira, ndiye mphamvu yonse imathera paphewa. Chachitatu, chimene chinandipatsa chipsera, n'chakuti galasi loonera patali lomangidwa pamwamba pa mfuti limafuna kuti diso litalikirane nalo pafupifupi zala zinayi. Ine ndinasendeza nkhope mpaka nsidze inagunda chitsulo, ngati mwana wosuzumira pabowo la kiyi, ndipo m'malo mokanikiza mfuti paphewa ndinangoigwira mwaulemu monga mmene timalandirira mphatso kwa akulu. Mkulu uja anayamba kunena kuti, "Bwana, bwezani mutu pang'o..." koma chala changa chinali chitakoka kale.

Za phokosolo sindikumbuka kanthu. Ndikukumbuka nyenyezi zambirimbiri masanasana, chipewa chobwereka chikugubuduka chokha kutsetsereka, ndi madzi ofunda akutsikira m'diso omwe ndinayesa thukuta mpaka nditaona kuti ndi ofiira. Nkhosa zimene zinkadya patsidya zinathawa zonse n'kukaima pamzere patali kundiyang'ana ngati mboni za kukhoti. Chandamale chinali chilili choyera bwino, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene chipolopolo chija chinakagwera, ngakhale kuti kumbuyo kwa chandamalecho kunali chulu chachikulu cha dothi chimene anachiika dala kuti munthu asachiphonye. Apongozi anatulutsa kabokosi ka mankhwala, ndipo ine namwino wa zaka zambiri, amene ndimatsuka mabala a ena tsiku ndi tsiku, ndinakhala pa mwala ngati mwana wa sukulu kumamatidwa pulasitala ndi munthu wopuma pantchito ya zamagetsi.

Ndinayesa manyazi athera pamenepo. Mkulu wa ndevu uja anandilanda mfuti ya njati, nandipatsa kamfuti kaja ndinakanyoza, n'kundiuza kuti ndiyesenso. Ndinagona, ndinaloza, ndipo pokoka kachitsulo koombera ndinatsinzina maso onse awiri, ndinakweza mapewa mpaka m'makutu, miyendo inadumpha yokha, pakamwa panga n'kutuluka mawu akuti "Mayo ine!" m'Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu. Mfutiyo inangoti khethe, chifukwa mkuluyo sanaikemo chipolopolo. Anati imeneyi ndi njira yakale yoonera ngati munthu wayamba kuopa mfuti yake, popeza woopa amagwedezeka chipolopolo chisanatuluke, koma pa zaka zake zonse anali asanaonepo mlendo wokankhidwa chotere ndi mfuti yopanda kanthu.

Kuphiri tinapitabe. Tinayenda maola atatu mphepo ikutiomba kumaso, chifukwa nswala ikangomva fungo la munthu ulendo watha, ndipo gawo lomaliza tinakwawa ndi mimba m'tchire lalifupi ndi m'matope akuda ozizira amene analowa mpaka m'kabudula wam'kati. Titafika pa kamtunda tinaiona yamphongo yokalamba, imene mkuluyo anaisankha chifukwa nyanga zake zinali zitayamba kufooka, itaima cham'mbali ngati yadzipereka. Apongozi, mwa ulemu wawo, anandisendezera kamfuti kaja. Ndinaika nkhope patali bwino ndithu monga wophunzira wabwino, koma m'galasimo munali mdima wokhawokha, pakuti diso lakumanja linali litatupa n'kutsekeka ngati la munthu wolumidwa ndi mavu. Ndinawabwezera mfutiyo mwakachetechete. Iwo anapuma kamodzi, kamfutiko kanalira ngati chitseko chotsekedwa mwamphamvu, nswala inayenda mapazi ochepa n'kugwa, osadzukanso.

Ntchito imene inanditsalira inali yogwira chingwe cha hatchi yaifupi yamphamvu imene imanyamula nyama potsika phiri. Chinandiwawa koposa bala n'chakuti anaitumbula nswalayo pomwepo n'kusiya chifu ndi matumbo paudzu kuti akhungubwi adye, ndiwo zoti kwathu zikanatsitsa nsima ya masiku awiri, koma munthu amene wagwetsedwa ndi mfuti yake alibe pakamwa pophunzitsira alenje kagawidwe ka nyama.

Madzulo amayi anga anaimba pa WhatsApp ndipo ataona nkhope yanga anafunsa motsitsa mawu ngati m'banjamo muli mtendere. Mkazi wanga analanda foni n'kuwafotokozera zonse, osasiyako ngakhale za nkhosa, ndipo ndinamva amayi akuitana anansi kuti adzamve, kenaka akufunsa kuti njati imene ikunenedwayi ndi iti, poti iwo akungodziwa za mbewa.

Tisanachoke pamalopo mawa lake, mkulu wa ndevu uja anatitengera m'kanyumba kosungiramo nyama, mmene muli buku lalikulu lolembamo chilichonse chimene chagwa kuphiri, tsiku lake, kulemera kwake ndi mfuti imene yachigwetsa. Anatsegula tsamba la dzulo lake n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndi diso langa lotsalalo. Mzere woyamba unali wa nswala yamphongo imodzi, yogwetsedwa ndi .243. Pansi pake analemba ndi pensulo kuti mkamwini mmodzi, wogwetsedwa ndi .375, ndipo pa malo olembapo kulemera anasiya osalemba, n'kundilozera sikelo yopachikapo nyama imene inali pakona.