Ndege za mpikisano zakale, zomangidwa mu shedi ya ku Area 25

Anthu ambiri akamva kuti timapanga ndege amaganiza za madroni, aja ojambulira pa ukwati. Zathu si zimenezo. Ife timamanga ndege zamatabwa, za mapiko ndi mchira, zoyendera petulo, zomwe munthu amaziwongolera ndi wailesi ali chiimire pansi. Ndiponso sitingomanga ndege iliyonse. Timatengera ndege za mpikisano wa liwiro za m'ma 1930, n'kuzichepetsa katatu, kanayi kapena kasanu popanda kusintha maonekedwe ake. Yochepetsedwa kanayiyo musaiyese kachidole: mapiko ake amaposa msinkhu wa munthu wamkulu, ndipo kuti ikwere m'galimoto timachita kugulula phiko.

Tilipo atatu. Ine ukalipentala ndinauphunzira ku Mchesi, pakati pa opanga mipando ndi mabedi. Alamu anga ndi makaniki wa njinga zamoto ndi makina otchetchera udzu. Wachitatu ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana amene anaphunzira zamagetsi, ndiye mwini mawaya, masevo (timamota tosuntha zowongolera za pa mapiko ndi mchira) ndi mabatire onse. Tinayamba ndi kukonza zowonongeka. Mumzinda muno munali anthu ochepa amene anabwera ndi ndege zoterezi kuchokera kunja, ndipo phiko likathyoka analibe kopita nalo, ndiye ankafika kwa kalipentala. Pomata zothyokazo m'pamene ndinaona m'kati mwa phiko: nthiti zopyapyala zondandalikana pa mtanda umodzi wolimba, kwinako kuli mphako yokhayokha. Ndinazindikira kuti ntchitoyi ndi ya kalipentala ndithu, kungoti wa mipando amanyadira katundu wolemera, pomwe wa ndege amanyadira wopepuka.

Yoyamba kumanga tokha kuchokera pa pulani inali Gee Bee R-1. Ndege imeneyi anaipanga ndi abale a kwa Granville ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America, mu 1932. Anatenga injini yaikulu ya Pratt & Whitney, n'kumanga thupi lalifupi longokwana kuikuta injiniyo, n'kuikapo timapiko ta mamita 7.6 basi. Woyendetsa ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mchira. Kuiona koyamba umati ndi mgolo womera mapiko. Koma chaka chomwecho Jimmy Doolittle anapambana nayo mpikisano wa Thompson Trophy ku Cleveland, ndipo anathamanga nayo makilomita 476 pa ola, liwiro lomwe panthawiyo ndege yonyamukira pamtunda inali isanafikepo. Inali ndege yosakhululuka. Chaka chotsatira, mu 1933, inagwa ponyamuka ku Indianapolis ndipo woyendetsa wake, Russell Boardman, anamwalira.

Khalidwe limeneli silitha ndege ikachepetsedwa. Mapiko aang'ono onyamula thupi lalikulu amafuna liwiro nthawi zonse. Ukangochepetsa moto mopitirira potera, phiko limodzi limagwa mwadzidzidzi ndipo ndege imagudubuka. Kuno kwathu vutolo limakula pa zifukwa ziwiri. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya ndi wopepukirapo, makamaka mu Okutobala kukatentha: injini imachepa mphamvu, phiko nalo limanyamula mochepa. Chachiwiri ndi mitengo. Mapulani onse amalembedwa poganiza kuti womangayo ali ndi balsa, mtengo wopepuka kwambiri womwe wambiri umachokera ku Ecuador. Ife balsa timachita kuitanitsa kudzera ku Johannesburg, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kathabwa kamodzi kanasanduka chinthu choganizira kawiri usanakadule.

Bizinesi yathu yonse inaumbika polimbana ndi kulemera kumeneku. Chida chofunika kwambiri mu shedi mwathu si sowo kapena puleni, ndi kasikelo ka kukhitchini. Chilichonse chisanamatidwe chimayamba chakwera pa sikelo, ndipo magalamu ake amalembedwa m'kope. Mitanda ya mapiko timapangira paini wa ku Chikangawa, koma wosankha: wopanda mfundo, wa mizere yowongoka, wouma bwino. Mafupa a thupi timadula pa pulayiwudi wopyapyala n'kuwaboola mabowo paliponse pamene sipanyamula katundu, mpaka chotsala chimakhala mkombero wokha. Malaina ndi wofewa ndipo sapindika msanga, koma amalemera pafupifupi katatu kuposa balsa, ndiye timamupala mpaka kuwala kwa dzuwa kuyambe kuonekera ukamukweza m'mwamba. Timizere toumba kuzungulira kwa thupi timang'amba ku nsungwi. Balsa weniweni timasungira kumchira kokha, chifukwa galamu imodzi yowonjezera kumchira imafuna magalamu atatu kapena anayi a mtovu kumphuno kuti ndege ikhazikike, ndipo mtovuwo ndi katundu wongonyamula wopanda ntchito.

Kuyesa kukhazikikako timachita ndi zala. Awiri timaima uku ndi uku, aliyense chala chimodzi kunsi kwa phiko, pa malo amene pulani yasonyeza, chakutsogolo kwa pakati pa phikolo. Tikanyamula, mphuno iyenera kuwerama pang'ono chabe. Ikatsika ndi mchira, ndegeyo situluka pakhomo ngakhale mwini wake atafulumira bwanji. Timayamba tasuntha batire, thanki kapena masevo kupita kutsogolo, ndipo mtovu umabwera pomalizira zonse zikakanika.

Injini ndi dera la alamu anga. Zopangidwira ndege zenizeni, monga za kampani ya DLE, n'zabwino ndipo wogula akakwanitsa timamuitanitsira. Koma zambiri mwa zathu zimachokera ku makina otchetchera udzu ndi ochekera mitengo. Iwo amachotsa chivundikiro, kalachi ndi chokokera chingwe, amasema chitsulo chilichonse chosafunika, n'kupanga pomangira pulopela. Akatha amaimanga pa benchi n'kuiliza nthawi yaitali, akumvetsera ndi khutu pamene akutembenuza timasikuluwu ta kabuleta pang'onopang'ono. Injini yozima m'mwamba pa ndege yophunzirira ndi nkhani yaing'ono, umangoitsetsereka n'kutera. Pa Gee Bee ndi maliro.

Ine mtima wanga uli pa de Havilland DH.88 Comet, yofiira ija yotchedwa Grosvenor House. Inapangidwa ndi matabwa, ya injini ziwiri, mapiko aatali owonda a mamita 13.4. Mu Okutobala 1934 C. W. A. Scott ndi Tom Campbell Black (wachiwiriyu anagwirapo ntchito youlutsa ndege ku Kenya) anapambana nayo mpikisano wa MacRobertson kuchokera ku Mildenhall ku England kukafika ku Melbourne ku Australia, m'maola osakwana 71. Ilipobe mpaka lero ku Shuttleworth Collection, malo osungira ndege zakale ku England. Yathu tinaichepetsa kasanu, mapiko ake ndi pafupifupi mamita 2.7. Nsonga za mapiko owonda chotero ndi zimene zimayamba kutaya mphepo, choncho pomanga timazipotoza pang'ono kwambiri kuti m'mphepete mwa kumbuyo mukwere, mopanda kuonekera ndi maso. Ena amatiuza kuti tingokulitsa mapikowo kuti iziuluka mosavuta. Timakana. Ukakulitsa phiko la Comet watsala ndi ndege ina yofiira, Comet yapita. Pa injini ziwirizo tinasankha mamota a magetsi, chifukwa ya petulo imodzi ikazima inzake ikukoka, ndege imatembenukira mbali yozimayo munthu usanaphethire.

Ndalama zenizeni, kunena zoona, sizichokera ku ndege zazikuluzi. Imodzi imadya miyezi yambiri, ndipo ogula ake ndi owerengeka. Chimatidyetsa tsiku ndi tsiku ndi kukonza zothyoka, kumanga ndege zophunzirira za phiko lapamwamba, kupanga zosauluka zokongoletsera m'maofesi ndi m'malo ogona alendo, ndi kuphunzitsa. Chidwi cha achinyamata chakula kuyambira pamene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu mu 2017, kenaka sukulu ya African Drone and Data Academy muno mu Lilongwe mu 2020. Amabwera atadziwa kale za mabatire ndi mawailesi, koma akufuna kugwira guluu ndi sandipepala ndi manja awo.

Tili ndi lamulo limodzi lomwe latitayitsa makasitomala, ndipo sitilisintha. Ndege ya mpikisano sitigulitsa kwa munthu amene sanaphunzire pa yophunzirira. Bambo wina anafika ndi ndalama m'manja ataona Gee Bee itapachikidwa kudenga. Alamu anga anawalandira bwino n'kuwauza kuti, "Bwana, ndalama zanu tikuzifuna ndithu, koma iyi mukainyamula lero mubwera nayo mawa mu thumba la saka. Yambani mwabwera Loweruka m'mawa tiyambire limodzi pa yophunzirirayi." Pophunzitsa timalumikiza mawailesi awiri: wophunzira amawongolera, mphunzitsi chala chili pa switchi, ndipo zikavuta amangosiya switchiyo ulamuliro n'kubwerera kwa iye. Chomwe chimasokoneza aliyense poyamba n'chakuti ndege ikamabwera chokuyang'ana, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwako. Mpaka zala zitazolowera zimenezo osaganizira, munthu sanakonzeke. Komanso si nkhani ya katundu wake yekha. Ndege ya makilogalamu angapo yothamanga ndi pulopela kutsogolo ikhoza kuvulaza munthu koopsa, ndipo kulikonse kumene tiulutsa ana amatulukira ngakhale kumene unkayesa kulibe mudzi.

N'chifukwa chake malo oulutsira timasankha mosamala. Timapita kunja kwa mzinda, pa dambo louma lomwe tinapempha kwa amfumu ndi eni minda, kutali ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kutali ndi malo a asilikali ndi mawaya a magetsi, ndipo timatsata malangizo a oyang'anira za maulendo a pandege. Timayamba m'mamawa mphepo isanadzuke, chifukwa nthawi ya chilimwe dzuwa likakwera akamvulumvulu amayamba. Tisanalize injini timamanga chingwe, ana onse kuseri kwake, ndipo mmodzi wa ife ntchito yake ndi kuyang'ana anthu, osati ndege.

Pa benchi pano pali Percival Mew Gull, kandege koyera ka munthu mmodzi komwe Alex Henshaw anauluka nako yekha mu Febuluwale 1939 kuchokera ku Gravesend ku England, kudutsa chipululu cha Sahara, kukafika ku Cape Town ndi kubwerera m'masiku anayi ndi maola khumi. Tikukachepetsa katatu, mapiko akhala mamita awiri ndi theka. Nthiti zonse zadulidwa ndipo thupi laima. Chatsala ndi chikombole cha faibala cha chophimba injini ndi galasi la woyendetsa, lomwe tikuumba potenthetsa pulasitiki pa chigogo cha malaina. Wofuna kudzaona afike masana a pakati pa sabata, tikhala tili pa sandipepala.